Mawu a Ruolan Ali M'beseni

Changsha,
16 Ogasiti, 2015.

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko ku Houston. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa la mwezi uno latiphika. Chipinda chathu chili pamwamba penipeni, ndipo masana ngakhale ntchentche zimachita ulesi kuuluka. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ili m'thumba. Pafoni mumayankhula ndinu, ine ndimangoti eya, eya, ndipo ndikamati nditsegule pakamwa mwatsanzika kale. Papepala simungandidule mawu.

Mwandifunsa kawiri tsopano za maganizo a aphunzitsi a Dou, oti Ruolan asamukire kunyumba yogona ophunzira masabata asanu ndi awiri atsalawa asanapite ku Hong Kong kukalemba mayeso olowera ku yunivesite za kwanuko, ine ndibwerere kwathu ku Shaoyang. Kawiri konse ndinakuyankhani kuti mwana akuchita bwino ali ndi mayi ake. Koyamba ndinkakhulupiriradi zimenezo. Kachiwiri ndinali ndikudziwa zina zimene sindinakuuzeni. Lero ndikuyankhani bwinobwino, koma muyambe mwamva nkhani yonse, ndipo musakalipe musanafike kumapeto.

Chibwerere kuno mwezi wa Disembala, ntchito zanga zakhala ziwiri: kuphika ndi kugwira buku. Bukulo mukulidziwa, paja ndinu munati ligulidwe, lonenepa ngati njerwa, la mawu zikwi zitatu ndi mazana asanu, mawu ovuta aja munati ngakhale azungu ena a kuntchito kwanu sawadziwa. Anawasanja kuyambira pa A mpaka pa Z. Pamzere uliwonse, kumanzere kuli Chingerezi, kumanja kuli tanthauzo m'chiyankhulo chathu.

M'mawa uliwonse, phala la mpunga likupsa, tinkakwera pamwamba pa nyumba pomwe anthu amayanika zovala, chifukwa ndi komwe ana onse a m'nyumba muno amawerengera mokweza kusanatenthe. Ndinkatenga rula yanga ya kufakitale, ija ndinayezera nsalu zaka makumi awiri, n'kuyiika pansi pa mzere. Ine ndiwerenge tanthauzo, iye anene mawuwo ndi kutchula zilembo zake chimodzichimodzi, chikhadabo changa chikutsatira. Zilembo ndimazidziwa, tinaphunzira kusukulu, kungoti zikagwirana manja sindidziwa zimati chiyani. Ndiye ndinkatsika mzere ndi mzere, kuchokera pamwamba mpaka pansi, osadumpha, poopa kuti ndikangonyamula rula ndisochera.

Mwana anathamanga, Achimwene. Pofika Meyi, ndinkati ndikangoyamba kuwerenga tanthauzo, iye wayankha kale. Amayi anzanga amene nawonso anabwera kudzasamalira ana awo a sukulu ankasiya kuyanika n'kumationerera, ndipo ine ndinkatsika masitepe mapewa ali m'mwamba. Ndi nthawi ija ndinakuuzani kuti wafika mawu zikwi zitatu, inu n'kuuza abale onse, mpaka azakhali a ku Guiyang anandiimbira foni. Sindinakunamizeni dala. Ndinali nditawawerenga ndekha ndi rula.

Masabata anayi apitawo, Lachiwiri, mphepo inaulutsa nsalu ya pabedi ya mayi Pang, a chipinda choyandikana nafe, n'kundiphimba kumutu. Poichotsa, rula inatsetsereka mizere itatu ine osadziwa. Ndinawerenga pomwe inaima, Ruolan anayankha mwachangu monga mwa masiku onse, koma chikhadabo changa sichinapeze chilembo n'chimodzi chomwe. Ndinati mwina ndi maso. Nditayang'ana mizere ya pamwamba pa rula, mawu amene ananenawo ndinawapeza pamzere umene ndinadumpha. Ndinamuyang'ana mwanayo: maso ali chitsinzinire, mutu ukupita uku ndi uku ngati woimba nyimbo. Ndiye m'malo mwa tanthauzo, ndinanena ndi liwu lomwe lija lowerengera kuti, "Anyezi awiri ndi tsabola wofiira." Anayankha mawu otsatira, n'kutchula zilembo zonse khumi ndi chimodzi osaphonya.

"Iwe," ndinatero, "ndati chiyani?"

Anatsegula maso. "Mwati munthu wosakonda kuyankhula."

"Ndati anyezi ndi tsabola, mwana iwe."

Anayamba kuseka, koma kusekako sikunapite patali. Anakhala pansi pafupi ndi thanki ya madzi, nkhope pa mawondo.

"Ndimadziwa, Amayi," anatero. "Ndinazindikira mu Epulo. Ndikakumana ndi mawu m'nkhani za m'kalasi, ndimawadziwa komwe amakhala. Ndimadziwa kuti ali patsamba lakumanzere, pansi pa dontho lija la msuzi, ndimadziwa mnzake wapamwamba ndi mnzake wapansi. Koma akakhala okha, ndimangowayang'ana."

"Ndiye Epulo, Meyi, Juni, Julayi, pakamwa pako panali potsekedwa ndi loko? Bwanji sunanene?"

"Mukanatani, Amayi? Munasiya ntchito, munasiya Ababa akudya zogula, kuti mudzagwire buku limeneli. Ndipo ndikamayankha mumamwetulira."

Apo ndinamvetsa, Achimwene. Mwana anali ataloweza bukulo ngati nyimbo, ndipo woimbitsa nyimboyo ndinali ine. Manyazi anandigwira, ndipo ndinamumvera chisoni kuti miyezi inayi yonse ankadzuka m'mamawa kudzasangalatsa mayi wake.

Masana omwewo ndinapita kwa aphunzitsi a Dou. Ndi kamtsikana kochepa thupi, koti mutakumana nako pamsewu mungakatume mchere, koma mutu ulipo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Tsopano ndamvetsa. Ndimadabwa kuti mwana wakhama chonchi akulephera bwanji mayeso oyeserera. Musadziimbe mlandu kwambiri, mayi, simuli nokha. Theka la kalasi langa limadziwa mawu a pa A kuposa mayina a abale awo." Anatulutsa timakadi ta mawu makumi asanu, n'kutisakaniza ngati a juga, n'kumuitana Ruolan. Anakhoza asanu ndi anayi. Ndinawerenga ndi zala pansi pa tebulo, ndipo chala chimodzi chinatsala.

Pobwerera ndinali nditapsa mtima, osati ndi mwana, koma ndi bukulo. Ndinatulutsa lumo langa lalikulu lija lodulira nsalu. Ndinati ngati vuto ndi mzere, mzerewo ndiuthetsa lero. Ndinali nditadula masamba asanu, mzere uliwonse pawokha, pamene mayi Pang analowa kudzabwereka adyo.

"Amake Ruolan, mwapenga kodi?"

"Ndachira kumene," ndinatero.

Anatola kapepala kamodzi, n'kukatembenuza. "Nanga akuseri awa? Mwawadula pakhosi onse. Tsamba lili ndi mbali ziwiri, mayi telala inu!"

Zaka makumi awiri ndikudula nsalu, osaiwalapo kuyang'ana kuseri, ndinadzaiwala pa buku la mwana wanga. Mayi Pang anaseka mpaka kugwira chitseko. Kenaka anatuluka, n'kubwera ndi buku lomwelo, la mwana wawo wamkulu amene analisiya pa D chaka chatha n'kupita kukaphunzira zokonza mafiriji. "Tengani," anatero. "Limodzi mudule kutsogolo, linalo kuseri. Kwathu langokhala chotsamira mphika." Mawu a kuseri kwa masamba asanu ndinawonongawo tinawapeza m'buku lawolo.

Tinadula masiku anayi, iwo ndi ine. Kapepala kalikonse tinakapinda pakati, Chingerezi mbali ino, tanthauzo mbali inayo, n'kuponya m'beseni lochapira. Zovala tsopano ndimachapira m'ndowa. M'mawa ndimalowetsa dzanja, n'kuvundula ngati ndikutsuka mpunga, ndipo chimene chatuluka ndi chomwecho. Tsiku loyamba Ruolan analira. Sabata yoyamba anafika khumi ndi asanu pa makumi asanu, ndipo dzana wakhoza makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Mukanamuona mmene amalumphira akakhoza mawu amene dzulo lake anamukana. Amayi ena awiri a m'nyumba muno adulanso mabuku awo, ndipo amuna awo akundiyang'ana ndi diso lofiira.

Ndi nthawi imeneyo munaimba kachiwiri, ine n'kunena kuti zonse zili bwino. Ndinkaganiza kuti ndakonza ndekha chimene ndinawononga ndekha, ndiye panalibe chifukwa choti mudziwe. Kumeneko ndiye kunali kunama, ndipo ndikupepesa.

Lachinayi lapitali ndi limene landilembetsa kalatayi. Ruolan anali patebulo ndi pepala la mayeso oyeserera, ine ndikusadzula nyemba zaziwisi. Panali chiganizo chokhala ndi mpata, ndi mawu anayi oti asankhepo amodzi. Onse anayi anawadziwa, Achimwene, onse anali atatuluka m'beseni sabata yomweyo. Koma m'buku lathu onse anayi tanthauzo lake ndi limodzi: kudzudzula. Akuti kwina ndi kudzudzula kwa bwana, kwina kwa mnzako, kwina kwapagulu, kwina kwachikondi, ndipo bukulo silinena. Anakanda m'mutu, kenaka osaganiza anatembenuzira pepalalo kwa ine.

"Amayi, apa palowe ati?"

Tinayang'anana. Anabweza pepalalo msanga n'kunena kuti, "Pepani, ndinaiwala." Ndinapitiriza kusadzula nyemba, koma ndinadziwa kuti pamene ndingamufikitse ine ndi pomwepa. Kunyumba yogona ophunzira kuja amakhala anayi m'chipinda, amafunsana okhaokha, amayankhula Chingerezi ngakhale podya, ndipo mphunzitsi amakhala nawo mpaka madzulo. Funso ngati limenelo kumeneko limayankhidwa tiyi asanazizire. Kuno liyenera kudikira mpaka mawa, ndipo mawa atsala ochepa.

Ndinamuyesa madzulo ake tikudya. Ndinati, "Kodi zija ananena aphunzitsi a Dou, waziganizirapo?"

"Sindipita," anatero osadzutsa mutu. "Chakudya cha kumeneko chilibe tsabola. Ndipo inu mukaphikira ndani? Ababa anazolowera kale zogula."

"Usandinyoze, ine ndili ndi zochita zambiri kwathu."

"Monga chiyani, Amayi?"

Ndinamuuza kuti adye nsomba isanazizire. Koma ndinaona kuti ndi za mu Epulo zomwe zija: mwana akusamala mayi m'malo mosamala mayeso ake. Akadzalephera chifukwa mutu wakana, tidzapirira. Koma akadzalephera chifukwa chondisungira ine ntchito yogwira beseni, sindidzadzikhululukira.

Ndikuuzeninso ichi, poti papepala simundiona nkhope. Sindikufuna kupita. Ndimati ndimakanira chifukwa cha mwana, koma ndimakanira chifukwa cha ine. Akakhoza mayesowa, chaka chamawa akwera ndege kubwera kwanuko, ndipo inu mukudziwa kuposa ine kuti wopita kumeneko amabwera kangati. Inuyo mwabwera katatu pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sindikukudzudzulani, ndikungowerenga. Masabata asanu ndi awiri amenewa ndinkawaona ngati anga omaliza kumudzutsa m'mawa ndi kumuona akudya. Ndikuopa nyumba ya ku Shaoyang yopanda phokoso lake.

Yankho langa ndi lakuti apite. Aphunzitsi a Dou akuti bedi lilipo kuyambira pa 24. Ndamusokera kale thumba la nsalu lotsekera ndi chingwe loti mapepala aja alowemo, poti beseni sangapite nalo, ndipo ndalibisa pansi pa matiresi.

Tsopano pempho langa, ndipo mulimve bwino. Za anyezi ndi tsabola musamutchulire, ndipo abale musawauze. Amene akufuna kudzudzulidwa ndine, ndipo mudzachite zimenezo tili awiri. Alamu anga muwauze kuti mankhwala a mawondo aja anafika ndipo akuthandiza. Nyama yowamba imene munapempha singadutse pabwalo la ndege, musandivutitsenso nayo. Alamu anu akupereka moni kuchokera ku Shaoyang. Ndawauza kuti ayambe kusesa, sanafunse chifukwa chake. Ana muwapsompsone, ndipo wamng'onoyo muzimuyankhulako chiyankhulo chathu, kuti Ruolan akadzafika adzapeze wocheza naye.

Ruolan sakudziwa kuti ndalemba. Akadziwa kuti ndavomera ndine, adzayang'ana nkhope yanga n'kukana. Ndiye kalatayi ndikuijambula ndi foni kuti ikupezeni lero, ndipo Lamulungu likudzali muimbe nthawi yanu ija. Muyankhule mokweza monga mumachitira, mumuuze kuti amalume alamula, palibe zokambirana. Adzakukwiyirani, koma inu muli kutali, mupirira. Ine ndidzakhala pambali pake. Ndidzalanda foni, ndidzakutsutsani, ndidzanena kuti mwana ndi wanga ndipo sapita kulikonse. Mwina ndidzalira, ndipo kulirako sikudzakhala kwachinyengo. Musadzandimvere, Achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Cuiping