Nsalu Yoyera ya ba Norbu

Dambwa North,
Livingstone.
7 Novembala 1995.

Okondedwa alongo anga a Mervis,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Katete, inu, alamu ndi ana. Ife tili moyo ndipo nyumba yathu sinakhudzidwe, choncho zimene mwamva pa wailesi zisakusowetseni mtendere. Zimene ndikudziwa ndi izi: kunabuka mphekesera yoti amwenye a masitolo akugula mitima ya ana, anthu anakwiya, masitolo anathyoledwa. Aliyense wolankhula motsimikiza ndamufunsa ngati anaona ndi maso ake, ndipo sindinapeze ndi mmodzi yemwe.

Ndalemba chifukwa ndili ndi munthu m'nyumba amene adzaphedwa akapitiriza kukhala m'tauni muno, ndipo ndikupempha kuti mumusunge. Musayankhe musanawerenge mpaka kumapeto, pakuti mbali ina ya mlanduwu ndi yanga.

Dzina lake ndi ba Norbu, wa zaka makumi anayi ndi zisanu. Kwawo ndi ku Tibet, dziko la mapiri limene China inalowamo ndi asilikali iye ali wakhanda. Anathawa wapansi ndi amayi ake ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nakulira mumsasa wa othawa kwawo ku India. Kuno anabwera zaka khumi ndi chimodzi zapitazo ngati wophikira banja lina la amwenye. Tinadziwana chifukwa ndinali ndisanaonepo munthu wochokera pamalo amene ndimalozera ana asukulu pamapu chaka ndi chaka. Mabuku onse onena za kwawo amene ndinawapeza, atatu okha, ndinawawerenga.

Ku Ulaya kuli mayi wina wokalamba, phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko lake, amene kwa zaka makumi atatu wakhala akulankhulira anthu a ku Tibet. Ankaimirira kutchula mayina a omangidwa ngakhale anzake akuyasamula, ndipo sukulu imene ba Norbu anaphunzirako kuwerenga mumsasa muja ndi iye anaipezera thandizo. Mu Disembala akupuma ntchito. Bungwe la othawa kwawo linalembera anthu awo kulikonse kumene anabalalikira kuti aliyense atumize nsalu yoyera yaitali, imene pamwambo wawo amaikoleka m'khosi mwa munthu amene akumulemekeza. Ba Norbu anati mu Zambia monse mwina alimo yekha, ndiye akapanda kutumiza, dziko lathunthu lisowa pa mulu wa nsaluzo.

Ya silika analibe. Anagula mamita atatu a nsalu yoyera pamsika wa Maramba, nasiyira ba Lonah, mayi wosoka pamsikapo, kuti aipinde m'mphepete. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno munthu amagula nsalu yoyera yotalika chotero pakagwa chiyani. Iye sankadziwa, ndipo ine sindinaganize zomuuza.

Tsopano cholakwa changa. Mu Seputembala ndikumetetsa pamsika womwewo, anthu anayamba kukamba za maliro a mitundu ina. Ine ndinawauza zimene ndinawerenga: kuti ku Tibet nthaka ndi yolimba ndipo nkhuni n'zosowa, kotero m'madera ena amanyamula mtembo kupita nawo paphiri, amaudula nthulinthuli n'kupatsa miimba. Ndinatchulanso kuti kumeneko ndi kwawo kwa mnzanga wophika uja. Zonse ndinanena ndi zoona. Anthu anaseka, ena analavula, ine ndinapita kunyumba ndili wokondwa kuti ndaphunzitsa.

Pa tsiku la chipolowe, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ba Norbu anandipempha kuti ndiwaperekeze kukatenga nsalu ija. Ndinawerengera kuti gulu lili m'tauni kumasitolo, osati ku Maramba, komanso kuti iye si mwenye. Mfundo ziwiri zonsezi zinali zolondola.

Ba Lonah atangoitambasula nsaluyo kuti aione, mayi wina wogulitsa kapenta anafunsa mokweza kuti mwenyeyo wamwalira ndani kwawo. Anthu anayamba kuyandikira. Ndinakweza manja n'kufotokoza bwinobwino kuti munthuyu si mwenye, kuti kwawo ndi ku Tibet, kuti nsaluyo ndi mphatso. Pamenepo Munsaka, kondakitala wa minibasi amene anali pometera tsiku lija, anandiloza.

"Ba ticha, si ndimwe munatiuza kuti kwao bamadula bantu? Ni uyu wamene, ai?"

Ndikanati ayi. Koma ndinayamba ndi kunena kuti amadula akufa okha, ndipo mawu otsatira palibe anawamva.

Njerwa yoyamba inamupeza pamwamba pa khutu. Anagwada, ndipo Munsaka anamumenya ndi chitsulo chokwezera galimoto pa dzanja limene anatchinjiriza nalo nkhope. Ndinamva fupa likuthyoka. Anamukokera panja pa shedi ya msika atamugwira miyendo, mutu ukugunda pamiyala, amuna ndi akazi akumupondaponda. Amayi amene ndimaphunzitsa ana awo anali pomwepo atanyamula mitengo ya pamabenchi. Ine wina anandimenya chigongono pakamwa, magalasi anagwa, ndipo zotsalazo ndinaziona mwachimbuuzi. Nsalu ija anailimbirana mpaka inang'ambika. Chidutswa china anamumanga nacho m'khosi n'kumakoka. Iye sanakuwe. Ankangong'ung'udza mawu a chinenero chake. Kenaka ndinamva wina akuitanitsa tayala ndi palafini.

Amene anamupulumutsa ndi ba Lonah. Anakankha anthu, naima chotangadza pamwamba pake, nati:

"Pitilizani, mumumenye! Koma uyu muntu ali na matenda yaja. Onani mwamene aondela. Magazi yake yali pa manja panu, imwe ba Munsaka muli na chilonda pa chala apo."

Linali bodza. Ba Norbu ndi woonda chibadwire. Koma ndinaona gulu la anthu oposa zana likubwerera m'mbuyo, aliyense akuyang'ana manja ake. Munsaka anataya chitsulo nathamangira pampopi. Wa tayala anafika palibenso womulandira. Tinamukweza pa wilibala ya makala, ine ndi ba Lonah, mpaka pamsewu.

Kuchipatala anapeza dzanja lamanja lothyoka pawiri, nthiti zitatu, ndi bala la pamutu limene analisoka kasanu ndi kawiri. Diso lamanzere mwina lidzaonanso. Ine ndinataya dzino limodzi. Banja limene ankaliphikira linathawira ku Lusaka, ndipo chifukwa cha mawu a ba Lonah palibe amene angamulembe ntchito ya kukhitchini muno. Dzulo mlamu wanu, mkazi wanga Inutu, anapeza anyamata awiri pachipata akufunsa ngati wodula anthu uja ali kwathu.

Lamlungu anandipempha kuti ndimulembere kalata yopita kwa phungu uja, popeza nsalu palibe ndipo dzanja silingagwire cholembera. Ndinamuuza kuti tilembe zonse: tsiku, malo, mabala. Anakana. Anati mayiyo wakhala akuwerenga za anthu a ku Tibet omenyedwa kwa zaka makumi atatu, kalata iyi yokha ikhale yopanda magazi. Tinalemba mizere isanu ndi umodzi: kuti mwana wa mumsasa uja anaphunzira kuwerenga, kuti tsopano akukhala pafupi ndi mathithi aakulu a mu Afirika, ndi kuti akuthokoza. Anasaina ndi dzanja lamanzere. Ndinaiponya Lolemba.

Za pometera paja ba Norbu sakudziwa. Chinyanja cha Munsaka chinali chothamanga, sanachimve. Amandithokoza m'mawa uliwonse kuti ndinamuimira, ndipo ine ndimangoti palibe kanthu. Ndaganiza zomuuza tili m'sitima yopita ku Lusaka, pamene sangachoke kundisiya, ndiponso pamene sindingathawe.

Tinyamuka Lachisanu pa 17, tigona ku Lusaka, ndipo Loweruka madzulo basi idzatitsitsa ku Katete. Ngati alamu akana, tumizani uthenga kusukulu kwathu tsikulo lisanafike, sindidzawaimba mlandu. Akavomera, kachipinda kosungiramo chimanga kaja kamukwanira. Sadya zambiri, ndipo dzanja likapola adzakuphikirani.

Anthu akafunsa, muziti ndi mlendo wa Cosmas, basi. Akafunsa kwawo, muziti kutali. Mabuku anga atatu aja musawatchule, ndipo ine ndikafika kumeneko n'kuyamba kufotokozera anthu zinthu, mundiletse pamaso pawo, monga munkachitira tili ana.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Mlamu wanu Inutu akupereka moni. Ba Norbu nawonso akuti ndikupatseni moni. Andifunsa kangapo katchulidwe ka dzina lanu, kuti asadzalakwitse pofika.

Ndine mlongo wanu,
Cosmas