Chingwe cha Pamkono

Akulu anga okondedwa,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene inu muli ndi zanu zokukwanirani kale. Ndayamba kulemba kanayi, mapepala atatu ndang'amba. Pafoni sindingathe kuzinena, chifukwa mayi amene ndimawasamala makutu awo ndi akuthwa, ndiponso mukundidziwa, ine mawu amandithera pakhosi.

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, msana uja unaleka? Nanga amayi akuona bwino ndi magalasi aja? Ine kuno ndili bwino pang'ono. Ndalemba kuti pang'ono chifukwa inu sindingakunamizeni.

Akulu, sindikugona. Papita milungu isanu ndi umodzi.

Ndiyambe poyambira kuti mumve bwino. Mayi okalamba amene ndimawasamala anafa ziwalo mbali ya kumanja. Aliyense kuno amawaitana kuti Aphunzitsi, poti ndiyo inali ntchito yawo. Mwana wawo wamkazi, amene ine ndimati adona, amakhala kutali, amabwera kamodzi pa milungu iwiri. M'nyumba muno timakhala awiriwiri. Ine ndimayala matiresi pansi, pambali pa bedi lawo. Usiku ndimawatembenuza katatu kuti asatuluke zilonda, ndipo akafuna kupita kuchimbudzi amaliza kabelu.

Tsiku lina ndinachapa mabulangete onse ndi makatani, ndiye ndinagona tulo tofa nato. Iwo akuti analiza kabelu mpaka dzanja linatopa. Ataona kuti sindikudzuka anayesa kutsika okha. Chimene chinandidzutsa ndi kugwa kwawo. Anamenyetsa chipumi pa ngodya ya tebulo, magazi anali pansi ponse, kuchipatala anawasoka kanayi.

Adona atabwera sanandikalipire. Bola akanakalipa. Anangondiuza motsitsa mawu kuti amayi awo ndi amodzi okha, ndipo china chikadzachitikanso ndidzalongedze.

Usiku umenewo ndinaganiza nzeru. Ndinatenga ulusi wokhuthala umene Aphunzitsi ankalukira majuzi kale, ndinaupota kukhala chingwe. Mbali ina ndinamanga pa mkono wawo wabwinowo, mbali ina pa mkono wanga, kuti akangosuntha ndizimva. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati zaka makumi atatu aphunzitsa ana, sanamangidwepo ngati mbuzi, ndiye anandifunsa kuti pa awirife mbuzi ndi iti. Amalankhula movutika koma nthabwala sizinawathere.

Chingwecho chimagwira ntchito, koma mopitirira. Munthu wokalamba sagona phee. Akadzikanda, ndadzuka. Akakoka bulangete, ndadzuka. Pano ngakhale asasunthe, ndimangogona chagada kudikira kuti chikoke. Ndimamvetsera mpweya wawo. Akasiya kuliza mkonono ndimadzuka kukaika dzanja pafupi ndi mphuno zawo. Ndimamva firiji ikulira kukhitchini, agalu a kuseri, galimoto yoyamba ya m'mawa, kenako kunja kwayera.

Ndinayesa kuchimasula masiku awiri. Zinaipiratu. Mkono umamva ngati akuukoka pamene palibe chilichonse, ndipo maso akangotsekeka ndimaona magazi aja pansi. Ndinachimanganso.

Masana iwo akagona ndimati nanenso ndigoneko, koma tulo sitibwera. Timabwera pamene sitikufunika. Ndasinzapo nditaimirira ndikusita, simbi inandiotcha padzanja. Ndinaikapo sopo mufiriji. Mutu umalemera ngati ndasenza ndowa, mtima umathamanga ndili chikhalire, ndipo ndimalira ndi zinthu zopanda pake, ngakhale supuni ikangogwa. Siketi yanga yabuluu ija ndikuimanga ndi pini. Mayi wogulitsa tomato pageti anandifunsa mokuwa kuti kodi ndi bambo uti amene akundigoneka mochedwa chonchi, ndimubweretse amuone. Anthu anaseka. Ine manyazi anandigwira, tomato ndinamusiya pomwepo.

Sabata yatha ndinaperekeza Aphunzitsi kuchipatala. Anamwino atamaliza ndi iwo anandiyang'anitsitsa n'kundiuza kuti nanenso nditambasule mkono. Atandiyeza anati magazi anga akuthamanga kwambiri, zosayenera mtsikana wa msinkhu wanga. Anandifunsa ngati ndimagona. Ndinati pang'ono. Anati tulo si ulesi, thupi limadzikonza munthu akagona, ndipo mutu wosagona umaiwala ndi kulakwitsa ngati wa munthu woledzera. Anandilangiza kuti ndisamamwe tiyi madzulo, ndizipuma mpweya pang'onopang'ono ndikagona, ndipo zimene zikundivuta ndizizilemba papepala kuti zichoke m'mutu. Chachikulu anati ndipemphe kuti pazikhala munthu wina wondilandira usiku, ngakhale kawiri pa sabata. Ndinavomera zonse. Za chingwe sindinawauze.

Tiyi ndinasiya. Mpweya ndimapuma monga ananenera, ndimawerenga mpaka ndimasokoneza. Kulemba ndi kumene ndikulembaku. Koma kupempha munthu wondilandira, ndingayambe bwanji? Adona adzati ntchito yandikanika, ndipo atsikana ofuna ntchito amagogoda pageti sabata iliyonse.

Tsopano ndinene chimene ndalembera kalatayi.

Mankhwala a Aphunzitsi amakhala m'kabokosi ka tizipinda, tsiku lililonse kachipinda kake, am'mawa pamwamba, amadzulo pansi. Adona amaikamo okha akabwera. Lachisanu m'mawa nditatsegula ndinapeza kachipinda ka Lachinayi madzulo kali kopanda kanthu, monga ziyenera kukhalira, koma ka Lachisanu madzulo nakonso kali kopanda kanthu. Ndinasesa chipinda chonse, ndinakutumula zofunda, ndinasuzumira pansi pa bedi ndi tochi. Sindinapeze mbulu ndi umodzi womwe. Ndiye kuti Lachinayi ndinawamwetsa kawiri. Akulu, sindikukumbukira. Ndayesa kubwerera m'maganizo, usiku umenewo mulibemo.

Tsiku lonse Lachisanu Aphunzitsi anali ofooka. Anati chipinda chikuzungulira, chakudya anangolawa. Ndinakhala pambali pawo nditagwira foni, nambala ya adona ili pomwepo, chala chikukana. Madzulo adona anaimba okha kufunsa za amayi awo. Ndinati ali bwino, angotopa. Loweruka anadzuka ali bwinodi, mpaka anandinena kuti maso anga afanana ndi a kadzidzi. Koma akanapanda kudzuka?

Kuyambira pamenepo ndikawamwetsa ndimalemba mzere pa kalendala. Komabe ndimadzuka usiku kukayang'ana mzerewo, kenako ndimakayikira ngati ndinaulemba nditawamwetsa kapena ndisanawamwetse.

Aphunzitsi ndikuona ngati akudziwa. Dzulo ndikuwapesa anandigwira dzanja n'kunena kuti, mwana wanga, chingwechi chikudya iwe, osati ine. Anati ndichidule, akagwa agwe, iwo zaka zawo anadya kale. Ndinathawira kubafa. Mayi amenewa amandikonda, ndipo ine ndi amene ndingawapweteke.

Adona abwera Loweruka likubwerali. Ndikawauza za mankhwala, ndiye china chija chachitika, ndilongedza. Ndidzafika kwathu ndi chikwama chokha, amayi adzandifunsa, ndipo adona adzawapatsa Aphunzitsi munthu wosadziwa kuti madzi amamwa ndi kapu yaing'ono yokha, apo ayi amatsamwa. Ndikapanda kuwauza, ndipitiriza kugwira mankhwala a munthu ndi mutu umenewu. Ndaganiza mbali zonse mpaka mutu wauma. Pandekha sindingathe.

Inu munadwazika malemu abambo chaka chathunthu. Ine ndinali mwana, ndinkangoona mukutuluka m'chipinda mwawo m'mawa ndi beseni. Kodi munkagona? Munalakwitsapo? Sindinakufunsenipo, ndipo pepani ngati ndakukumbutsani zowawa. Pempho langa ndi limodzi lokha: mundiuze chochita. Mukati ndiwauze, mundilembere mawu oyambira, ndiwaloweza pamtima, chifukwa pamaso pa adona lilime langa limauma. Mukati ndibwerere, ndibwerera.

Chonde amayi musawauze kanthu. Akamva, osagona tikhala awiri. Mungowauza kuti ndikuwapatsa moni ndipo ndikudya bwino.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo. Ana anga onse muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene sanandionepo. Kalatayi ndapatsira mkazi wa mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, akudutsa kwanuko Lachiwiri. Ikangofika musadikire kupeza pepala, ngakhale uthenga wa pafoni ndiwerenga. Chonde akulu, mundiyankhe Loweruka lisanafike.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi