Chikhomo Pamanda a Anastazia

Lusaka,
Okutobala 1957

Akulu anga a Vitalis,

Tandiyankhani ichi poyamba: mwini mbumba pabanja la amai athu ndani, inu kapena ine? Ngati ndinu, bwanji muli phee kufolela khola la nkhunda pomwe mlongo wanu Anastazia watsala pang'ono kufukulidwa ndi makina?

Moni ndikupatsani ndithu, sindinaleledwe kuthengo. Muli bwanji kumeneko kwa Luembe? Mwendo wa amai uja unaphwa? Ine ndili moyo, mlamu wanu Ennie nayenso ali bwino, koma mtima wanga ndiwo suli m'malo.

Yankho lanu a Gideon, amene ndinawatuma kwa inu, afika nalo. Akuti mwati mudzabwela mukatha kukolola, ndipo popeza Eustace ali komweko aone yekha chochita. Kukolola! Mbeu simunabzale n'komwe. Kapena a Gideon sanalongosole bwino, ndiye ndalemba ndekha kuti muwelenge ndi maso anu.

Msewu wochoka m'komboni mwathu kupita m'tauni akuumanganso. Umenewo sindidana nawo. Unali msewu wakupha, wopapatiza, malole ndi njinga kulimbilana malo amodzi, mvula ikagwa anthu kuthyoka miyendo m'maenje. Tsopano akuukuza, athila phula, aimika mizati ya magetsi, ndipo m'mbali tikukumba ngalande yaikulu yoikamo mapaipi a madzi. Madziwo apita kumayadi a azungu, ife tikhalabe pamzele pa mpopi wathu umodzi uja. Ndiwo ubwino wa Chitaganya umene anatilonjeza. Koma zimenezo tisiye.

Ngalandeyo yalunjika m'mphepete mwa manda akale, pomwe tinaika Anastazia chaka chija anamwalila pobeleka. Oyeza msewu anabwela ndi tcheni chawo, nakhoma zikhomo zopaka utoto wofiila. Chimodzi chili kumutu kwake penipeni, pakati pa mabotolo amene Ennie anazika kuzungulila mtumbila. Ndinachizula n'kuchiponya kutali. M'mawa mwake ndinapeza akhoma china, ndipo kapitao anandiuza kuti ndikabwelezanso ndikagona kupolisi.

Mudziwenso kuti mmodzi mwa okumba ngalandeyo ndine. Ndili m'gulu la piki ndi fosholo, ife patsogolo, makina pambuyo. Ndikawelamuka kupukuta thukuta ndimaona mtanda wake, ndipo tsiku lililonse umakhala wayandikila.

Mzungu wa kampani wanena kuti abale asamutse mafupa a anthu awo mwezi uno usanathe. Malo atsopano apeleka kale. Manda amene eni ake sadzaoneka, makina adzakokolola zonse n'kukathila m'dzenje limodzi. Angoni a kwa Mpezeni asamutsa awo. Atumbuka asamutsa awo. Pamzele umenewo watsala Anastazia yekha, ngati analibe kwawo.

Mwamuna wake musamuwelengele. Anakwatila wina, ali ku migodi ya Wankie, ndipo ngakhale akadakhalapo, mafupawo si a mtundu wake.

Mukuti ndione ndekha. Ndione chiyani? Kodi kwathu munaonapo munthu akukumba manda a mlongo wake wa bele limodzi? Ntchito imeneyo ndi ya adzukulu, ndipo kuno adzukulu athu ndi Abemba, ndiwo anamuika. Ndinapita kwa mkulu wawo, a Wilbroad Chisanga. Anayamba ndi kundiseka pamaso pa anthu, ati ife Ansenga dzenje limene timalikumbuka ndi la mbewa, la munthu timaliiwala. Ndinawabwezela kuti odya anyani asandiphunzitse mwambo. Titatha kusekako anandikhazika pansi. Ati makasu ali chile, nsalu yoyela ndi mphasa zimene ndinagula aziona, koma dothi salikhudza mwini mbumba asanaime pamandapo, kumuitana wakufayo dzina lake ndi kumuuza kuti tikumusuntha, asadabwe, asakwiyile ana. Ati wakufa samvela mau a mng'ono, mkulu ali moyo. Ndinakalipa, ndinawanyengelela, iwo anakanabe. Chondiwawa kwambili n'chakuti akunena zoona.

Ine ndikudziwani, akulu. Nditangochita ndekha, tsiku limene Perpetua, mwana wa malemuyo amene mukulela kumeneko, adzadwale mutu, woyamba kuthamangila kwa sing'anga ndinu, n'kubwelako ndi mau akuti Eustace anasokoneza mzimu. Ndikasiya, mudzauza mudzi wonse kuti Eustace anaonelela mlongo wake akupondedwa ndi makina. Uku mlandu wanga, uku mlandu wanga, inu manja oyela.

Pamalilo ake simunabwele, munati mitsinje yadzala. Ndinazimeza. Lelo mitsinjeyo ndi mchenga, ngakhale nkhuku ikuwoloka. Mbuzi ikaphedwa pabanja mwendo umapita kwa inu. Pokamba za maukwati a alongo athu pampando mumakhala ndinu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya yake ndi imeneyi.

Za ulendo musayambe n'komwe kundidandaulila. Kalatayi ndapatsila a Jethro Mwanza, dalaivala wa lole yonyamula nshawa. Pobwelela adzaima pa Nyimba Lachisanu, ndipo avomela kukutengani kutsogolo, osati pamwamba pa matumba. Pemphani amai akupatseni kaufa ka mapila, a Chisanga ati kafunika pamandapo. Malo ogona alipo, Ennie wakonza.

Mundipelekele moni kwa amai, ndipo muwawelengele kalatayi yonse, osadumpha pomwe pakukukhudzani. Moni kwa alamu a Sophia, kwa atate aakazi ku Minga, ndi kwa Perpetua, amene sanaonepo pomwe anagona amake.

Lachisanu limenelo a Mwanza akupezeni pamsewu. Ngalande ikafika pamtandapo inu musanabwele, ine ndidzaponya piki pansi n'kukhala pamtumbilapo mpaka apolisi adzandinyamule, ndipo wokafotokozela amai kumene kuli ana awo awili mudzakhala inu. Bwelani mudzamuitane dzina mlongo wanu, tim'chotse m'njila.

Ndine mng'ono wanu wosadziwa kubisa mau,
Eustace Lungu