Pegi ya pa Mutu Womaliza

Kwa bambo, ana, adzukulu ndi abale onse a malemu, komanso kwa onse okonda kuwerenga,

Ife a Bungwe la Owerenga Mabuku a Atsikana tadzidzimuka ndipo tasweka mtima ndi imfa ya mayi wathu, mkulu wa komiti yosankha mabuku, amene atsikana onse ankangowatchula kuti Anti a Pegi. Uthengawu utafika m'chipinda chathu chowerengera, pamwamba pa sitolo ya utoto paja, unatipeza wina buku lili m'manja, wina tiyi akuzirala. Komabe amene munawadziwa mukudziwa kuti mayiwa sitingawalire nthawi yaitali osaseka, pakuti iwo eni ankadana nalo buku longoliritsa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Atapuma pa ntchito yomasulira kukhoti, kumene anamva mabodza a mitundu yonse, malemuwa anatibweretsera khutu lomwelo. Udindo wawo unali kuwerenga buku lililonse lisanaikidwe pa shelefu: nkhani zofufuza zaumbanda ndi nkhani za m'maiko ongopeka, a zinjoka zouluka ndi nyumba zoyenda zokha, malinga mwini nkhaniyo akhale mtsikana. Muyeso wawo unali wosasunthika, wakuti mtsikanayo adzipulumutse yekha. Akapeza kuti kumapeto kwatulukira mwana wa mfumu kudzamunyamula, ankalitseka bukulo kuti phwa, n'kunena kuti, "Iii, mwanayu wavutika masamba onsewa kuti ulemu adye ndi wina? Kabwezeni kumene mwalitenga." Wolemba akabisa umboni n'kudzautulutsa pa tsamba lomaliza, ankati, "Ameneyu kukhoti akanamutulutsa panja." Mabuku amene anapulumuka m'manja mwawo ndi amene lero zikuto zake zinatha ndi kubwerekedwa.

Dzina lija linachokera ku kagwiridwe kawo ka ntchito. Akafika pa mutu womaliza, ankapana masamba otsalawo ndi pegi yoyanikira zovala, ndipo panalibe wololedwa kuichotsa kufikira aliyense pa msonkhano atatchula amene akumuganizira ndi chifukwa chake. "Kusuzumira ndi kuba," ankatero. Atsikana ambiri amene anabwera kwa ife ali amanyazi, olankhulira pansi, anaphunzira kuimirira ndi kuteteza maganizo awo chifukwa cha pegi imeneyo, ndipo lero ena ndi aphunzitsi, ena maloya, wina ali ndi galaja yakeyake. Tinenenso zoona: mayiwa sankaphonya wolakwa ayi, ndipo zimenezi zinkatiwawa ndithu.

Maso atayamba kuwavuta, amene anakhala maso awo ndi amuna awo, bambo amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi, amenenso ankanyadira kuti chimene anawerengapo pa moyo wawo ndi zikwangwani za pamsewu basi. Masana ankawawerengera mayi pakhonde, ndipo Loweruka ankabwera nawo kumsonkhano n'kukhala pabenchi ya kukhomo, chipewa chili pabondo. Tikawapempha maganizo ankangoti, "Ine ndi dalaivala chabe, ndangobweretsa abwana."

Mwambo wa maliro utatha, bambowa anakwera masitepe athu atanyamula katoni ya mabuku, nati abwera kudzabweza zonse ndi kudzatsanzika. "Ntchito ya maso yatha," anatero. "Ndiziwerengeranso ndani?" Apa tinagwidwa ndi mantha, poona kuti pa maliro amodzi titaya anthu awiri, pakuti munthu ameneyu akanatsika masitepewo akanakadzitsekera m'nyumba ya zii osatulukanso.

Pamwamba pa katoniyo panali buku lomwe mayi anatsikira kuli chete asanalimalize, pegi ikadali pomwepo. Ndi nkhani ya mwana wamkazi wa wokonza mawotchi, wa mumzinda umene wina akuba zithunzithunzi za anthu. Mlembi wathu, mayi wosachedwa kuona pamene pali mpata, anafunsa kuti, "Bambo, nanga mtsikanayu mwamusiya pati?"

"Musandikumbutse, mwanangu," anayankha. "Amutsekera m'nsanja ya belu. Ngakhale chakudya sichikundikomera. Koma ndichotse pegi ndekha? Mayi aja angandione."

"Iwo anati wakubayo ndani?"

"Anati ndi mkulu wa alonda."

"Nanga inu?"

Anazunguza chipewa chija, kenako anati, "Ine ndimati ndi woyatsa nyali za mumsewu uja, poti chithunzithunzi chimafuna kuwala. Ndinawauza, koma anandiseka, amvekere ndiziyang'ana msewu."

Tinasonkhanitsa onse amene analipo, aliyense natchula wake monga mwa lamulo, ambiri kutsatira mayi, poti ndani akanawatsutsa? Kenako bambo anachotsa pegi nayamba kuwerenga mokweza. Mtsikana uja anatsika yekha ndi chingwe cha belu, manja atasupuka, popanda womunyamula. Ndipo wakuba uja, abale, anali woyatsa nyali.

Kenako bambo anaphulika ndi phwete, kuseka mpaka misozi mbwembwembwe, osadziwikanso ngati ndi ya kuseka kapena ya kulira. "Zaka zonsezi!" anatero. "Ndiwapambane kamodzi kokha, iwo n'kuchoka osamva?" Mlembi anati, "Akanakhalapo akanati walakwitsa ndi wolembayo." Tonse tinaseka, tonse tinalira. Bambowa anaika pegi ija m'thumba la malaya, nayang'ana mulu wa mabuku osawerengedwa uli pa tebulo, n'kufunsa kuti, "Lotsatira ndi liti?"

Potero komiti yagwirizana kuti buku limeneli liikidwe pa shelefu monga lomaliza kuvomerezedwa m'dzina la malemu, pakuti ngakhale anaphonya wakuba, muyeso wawo lakwaniritsa. Yagwirizananso kuti mpando wa pawindo, umene mayi ankakhalapo, usakhale wopanda munthu.

M'malo mwa komiti, mamembala onse ndi atsikana ambirimbiri amene anaphunzira kwa mayiwa kuti nsanja imatsikika, ndikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa banja lonse lofedwa. Tikudziwa kuti ife tataya wowerenga, pamene inu mwataya mayi, mkazi ndi mzati wa pakhomo, ndipo palibe mawu amene angatseke mpata umenewo. Mulungu akupatseni mphamvu ndi chitonthozo m'masiku ovutawa, ndipo mzimu wa mayi wathu uuse mumtendere.

Koma inu bambo, benchi ya kukhomo ija taichotsa. Loweruka tikukudikirani pawindo, ndipo pegi ija musaiwale.

Ine wanu pa chisoni ndi pa kuthokoza,

Wapampando,
Bungwe la Owerenga Mabuku a Atsikana