Thanki yaikulu yatuluka mimba

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino, pamodzi ndi mwana wanu ndi kamdzukulu katsopanoko. Kodi kakuyamwa bwino? Ine thupi lili bwino, tithokoze Mulungu, koma tulo ndiye ayi. Ndikangotseka maso ndimaona madzi ali thothotho m'shopu yanu, nsomba zikuphiriphitha pansi pa kauntala.

Thanki yaikulu ya nsomba ija, ya pulasitiki wa akiriliki, ya pawindo, yatuluka mimba. Khoma lakutsogolo lapindikira kunja. Ndikaligunditsa thabwa lowongoka, thabwalo limakhudza pakati pokha, kumapeto kumalowa zala ziwiri. M'ngodya mwayamba timizere toyera.

Musawanene amene anaipanga. Wolakwa ndine, ndipo pafoni mawu ankandithawa.

Mukuwadziwa bambo osoka nsapato pakhonde pathu aja. Mutangochoka miyendo inawatupa, ndipo anauza abusa athu kuti akufuna kubatizidwa asanakagonekedwe kuchipatala. Zowawaza madzi pamutu anakana, akuti iwo si mbande ya tomato. Kumtsinje sakanatha kufika.

Tsiku limene abusa anabwera kudzawaona, nsomba zinali m'mabeseni chifukwa ndinkatsuka thanki. Abusawo anayang'ana thankiyo, kenako anayang'ana ine.  Amene anatsegula pakamwa kuti tiwabatizire m'thankimo ndine, Achemwali.

Chinatitsekereza ndi chopingasa cha pamwamba chija, cholumikiza khoma lakutsogolo ndi lakumbuyo. Munthu sakanalowa chilipo. Ndinatenga sowo n'kuchidula, mumtima ndikuti kapulasitiki kameneka n'kogonekapo nyale basi. Tinawakweza bambowo mothandizana, anthu odutsa mumsewu atadzaza pawindo. Atavuuka anaseka mpaka kutsokomola, akuti sanaganizepo kuti kumwamba adzalowera pashopu ya nsomba.

Nditatsukanso ndinadzaza madzi, ndinabwezera nsomba, n'kuvundikira bwinobwino kuti podulapo pasaoneke. Mutaimba foni ndinati zonse zili bwino. Mawu amenewo ndinawanena nditaima pambali pa thankiyo.

Panopa madzi ndawachepetsa kufika pakati. Ndaika matabwa kutsogolo ndi kumbuyo n'kukulunga ndi malamba omangira katundu pa lole. Makasitomala akafunsa ndimangoti tikukonza. Nsomba zikuluzikulu zija zapanikizana, zayamba kulumana zipsepse, ndipo yofiira imene mumaikonda ija yasiya kudya.

Ndinaitana mmisiri wowotcherera wa kuseri kwa msewu. Atamva nkhani yonse anandifunsa ngati kutchalitchi kwathu amaphunzitsa kuti madzi salemera. Tsopano akandiona amakuwa kuti wabwera mbatizi, ndipo ine ndimangozolika.

Iye akuti njira zilipo ziwiri. Atha kupanga felemu yachitsulo yozungulira pamwamba ndi pansi, yokhala ndi zopingasa zomanga ndi mabawuti, ndi labala mkati kuti chitsulo chisakande. Imeneyo angaimange nsomba zili momwemo. Koma ndikudziwa kuti thankiyi munaisankha chifukwa ilibe chitsulo, mumati munthu aziona madzi okhaokha.

Njira ina ndi kumata akiriliki watsopano m'mphepete monse ndi zopingasa ziwiri. Thanki ingabwerere kukongola kwake, koma iyenera kukhuthulidwa, iume, guluu agwire kwa masiku angapo. Nsomba zazikulu choncho sizingapirire m'mabeseni nthawi yonseyo. Mmisiriyo akutinso guluu si ntchito yake, tifune wina.

Ndadula kale chinthu chanu osakufunsani. Sindikufuna kumanganso china osakufunsani.

Pali chinanso chondivuta. Bambo aja sanabwereko kuchipatala, tinawaika m'manda. Ndikagwada kuti ndilape, za sowo ndimazinena, za bodza ndimazinena, koma ndikafika pa ubatizowo ndimalephera kulapa. Ndayesetsa kumva chisoni kuti zinachitika, zikukanika. Ndiye ndikupempha chikhululukiro chanu ndi kulapa kosakwanira, ndipo manyazi anga akulu ali pamenepo.

Mundiperekere moni kwa mwana wanu ndi apongozi anu. Alamu musawauze kaye, ndidzawauza ndekha. Ambuye akusungeni nonse.

Chonde ndiyankheni sabata ino isanathe, chifukwa malambawo m'mawa uliwonse ndimawapeza atakhwepa. Mukafuna kundichotsa ntchito sindidzatsutsa, makiyi ndidzapereka kwa amene mungamutume. Koma yambani mwandiuza: chitsulo kapena guluu?

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa amayi