Miyala ya Alamu Anu Aipaka Utoto Wofiira

Kisiwani, Pemba
16 Juni, 2023

Okondedwa achimwene Faki,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dar es Salaam kumeneko pamodzi ndi banja lonse. Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga uli m'mwamba, ndipo ndilibe wina womuuza koma inu.

Mwezi wa Febuluwale kunabwera anthu a boma ndi mapu aakulu, n'kuwayala pamkeka kusukulu. Anati akufuna kugawa nyanja ngati munda: apa asodzi, apa zombo zazikulu, apa poti nsomba ziziswana. Mtsikana wina waulemu wake anapatsa msodzi aliyense cholembera, amvekere, "Bambo anga, tisonyezeni pomwe mumapha nsomba kuti tisakutsekereni."

Achimwene, inu munakulira m'ngalawa, mukudziwa. Msodzi angakuululire matenda a mkazi wake, koma osati pomwe amatchera mono. Alamu anu a Kombo ataona a Shaame, mnzawo wopikisana naye uja, atasolola khosi ngati nkhuku yomwa madzi, analemba pamchenga paja pa kuvuma, pomwe ngakhale nkhanu siyendapo. Amuna onse ananama chimodzimodzi. Atabalalika, kuseka kwake pomwa khofi!

"Iwe Kombo," anatero a Shaame, "pamchenga paja umaphapo chiyani, mapazi a agogo ako?"

"Nanga iwe walemba kuseri kwa bafa la apongozi ako, ine ndakufunsa?"

Nanenso ndinaseka nawo atandifotokozera.

Mapu aja abwerako mwezi watha, ndipo mchenga uja ndi umene atipatsa. Miyala ya m'nyanja imene alamu anu anasiyiridwa ndi malemu bambo awo aipaka utoto wofiira pamapupo, ati palibe amene amasodzapo. Boti la alonda likuzungulira pamenepo, ndipo ukapezekapo akulanda ngalawa.

Mtsikana uja anati adzabwera komaliza Lachinayi likudzali kudzamva madandaulo. Ine ndinachita kuwagwadira alamu anuwo: "Bambo a Zuwena, kanenenitu zoona."

"Ndikaime pamaso pa Shaame n'kuloza miyala ya bambo anga? Bola nsomba zindidye."

Mawu amenewo akundisowetsa tulo. Tsopano amapita kunja kwenikweni, kumene madzi ndi akuda bii, m'kangalawa kaja kothetheka pansi, mwera uli chonchi. Sabata yatha anabwerako thanga litang'ambika, manja ali magazi okhaokha. Anangotawasa, kusamba kwa mapemphero kuja, n'kuswali. Ndikuopa, achimwene.

Chonde bwerani Lachinayi lisanafike. Inu munavinidwa nawo limodzi kujando, amakumverani. Mukayamba ndinu kuloza pomwe bambo athu ankatchera, mwina manyazi awo achepa, ndipo enawo atsatira. Koma musadzawauze kuti ndakulemberani.

Amayi apereka moni, ati musaiwale mafuta awo opaka m'maondo. Zuwena wapereka moni, dzino lake lakutsogolo lachoka, akuti mudzaone. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Mwatima ndi ana.

Moni wa bambo a Zuwena sindingaulembe, ndinganame. Anachoka dzulo m'mawa, ndipo ngalawa za anzawo zonse zinabwerako, koma yawo sinaoneke. A Shaame apita kukawayang'ana, koma atembenukira kumchenga kuja, poti palibe amene akudziwa kumene amapita. Zuwena ndamuuza kuti bambo ake agona kwa anzawo kutsidya. Amayi sindinawauze kanthu.

Ine mlongo wanu,
Mwanaidi