Matumba Khumi ndi Anayi a Bwana Derrick

Jumeirah, Dubai
Lolemba

Wokondedwa Beatrice,

Moni mng'ono wanga. Uli bwanji? Nanga adadi, miyendo ija yasiya kutupa? Ine thupi lili bwino. Khala pansi kaye, pali zimene ndachita.

Amayi atatisiya mu Ogasiti ndinakuuza kuti ndasowa ndege. Ndinanama. Ndinagwada kukhitchini kupempha abwana anga, a Derrick, masiku khumi ndi anayi okha. Anayankha maso ali pafoni kuti omwalira amwalira kale, koma boti lawo silingadikire. Pasipoti yanga n'kuikhomera m'dirowa. Amayi munawaika ine ndikuonera pa vidiyo, manja ali m'matumba a chakudya cha munthu ameneyu.

Paja sindinakufotokozere. A Derrick ali pa mpikisano wozungulira dziko pa boti loyendera mphepo. Okhaokha iwe, miyezi inayi! Ukangoima padoko basi waluza. Chakudya chimapakidwa thumba limodzi tsiku limodzi, lililonse ndi nambala yake. Wopaka ndinali ine, matumba 120. Akazi awo, Madamu Kelly, anati m'thumba lililonse ndiikemo kakalata ka mwana wawo Lennah, yemwe ali kusukulu yogonera kwawo, kuti adadi ake asapenge ndi kusungulumwa.

Ndiye ine sukulu ndinapitako. Ndinaima pa mapu awo a pakhoma n'kuwerengera. Tsiku 50 mpaka 63 ndi pamene boti limakhala kumwera kwenikweni, kozizira koopsa, mafunde ngati nyumba zosanja, kopanda ngakhale sitima yoti n'kuikodola.

M'matumba khumi ndi anayi amenewo chakudya ndinaikamo chonse, sindine wakupha ine. Koma makalata a Lennah ndinachotsa. Ndinaikamo chithunzi cha amayi, chija cha papulogalamu ya maliro. Ndinasindikiza pa printa yawo yomwe, inki yawo yomwe! Kumbuyo ndinalemba m'Chingerezi kuti ili ndi tsiku loyamba mwa masiku amene ndinapempha. Lina lachiwiri. Lina lachitatu.

Dzulo masana anaimba pa foni ya setilaiti, monga amachitira Lamlungu lililonse. Anali pa thumba 53. Anauza madamu kuti andipatse foni. Ndinakonzeka kutukwanidwa, koma ayi! Mphepo ikulira kumbuyo, iwo mawu akunjenjemera ngati a nkhalamba. Anati boti lagona chammbali kawiri, chala chathyoka, tulo sakuliona, ndipo m'mawa uliwonse akatsegula thumba akupeza mayi wachilendo akuwayang'ana. Anati matumba akutsogolo atha kutsegula, koma akawerenga makalata onse a Lennah lero, mwezi wamawa adzawerenga chiyani?

Kenako anafunsa dzina la amayi. Miyezi isanu yonseyi sanafunsepo! Ndinawauza, ndipo ndinawabwerezetsa mpaka anatchula bwino.

Atatero anandichonderera kuti ndiwawerengere kalata imodzi yokha ya Lennah. Beatrice, ndinatsala pang'ono kuvomera, sindikubisa. Koma ndinakumbukira mawondo anga pa matayilosi aja. Ndinawauza kuti makalata alembedwa kale, koma mopu wanga sungadikire. Foni n'kubweza kwa madamu.

Madamu anafiira nkhope. Anati khalas, ndiye kuti basi zatha, viza aikansela, ndinyamuke Lachisanu. Iwe, pasipoti ija inatuluka m'dirowa osatha miniti! Kani kiyi inali pafupi chonchi?

Makalata ndawasiya patebulo, mwana alibe mlandu. Madamu akawawerengere okha Lamlungu. Koma zithunzi sangazifikire. Zili kutali zedi, ndipo kwatsala matumba khumi.

Ndikudziwa uti ndataya ntchito chifukwa cha mkwiyo. Ndataya, inde. Usandikalipire. Chimene ndikupempha n'chakuti Loweruka udzandichingamire ku Chileka, ubwere ndi chitenje cha maliro chija unandisungira. Tisadzafikire kunyumba. Udzauziretu amalume kuti atiperekeze kumanda, ndikaone pamene munawagoneka. Adadi uwauze pang'onopang'ono, ungoti kontilakiti yatha. Zinazo ndidzanena ndekha.

Upereke moni kwa adadi, azakhali a ku Ndirande ndi akwaya onse. Mulungu akusungeni. A Derricknso awasunge, asamire ayi. Ndikufuna afike pa thumba 63.

Ndine mkulu wako,
Madalitso